Wachiwiri Anafuna Tsitsi la Ana Anga

Mayi uja atabweranso, sanayang'ane ana anga kumaso. Anawayang'ana kumutu. Chimenecho ndicho ndinayamba kuona, ndisanaone n'komwe kachikwama kamene anakolekera paphewa. Moni anapereka bwinobwino, ananyonyomala pang'ono ngati mwana woleredwa pamwambo, koma dzanja lake linapita pamutu pa kamtsikana, n'kumapota katsitsi ka kunkhongo, kenako linasamukira pa kamnyamata. Ine ndinangoima pakhomo ndi beseni m'manja, madzi akundidonthera kumapazi.

Ana anga ndi mapasa, wamkazi ndi wamwamuna, ndipo nthawi imeneyo anali akungoyamba kulumikiza mawu. Tinkakhala m'komboni ya esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, nyumba yakumapeto kwa mzere, moyandikana ndi mibulugamu. Ine ndinkathyola tiyi nyengo ya mvula yokha, masamba akachuluka. Ntchito yokhazikika inali ya bambo awo, yopopera mankhwala m'minda ndi pampu ya kumsana. Nyumba ya kampani si yako. Ntchito ikatha lero, mawa kiyi ukabweze. Ndinaonapo ndi maso angawa banja lina likutulutsidwa, thirakitala inawatula pamsewu waukulu, mphasa, mapoto, kamwana kali kumsana, mvula ikuwaza. Kuyambira tsiku limenelo ndikamatseka chitseko ndinkachigwira mosamala ngati cha eni.

Mayiyu anabwera koyamba chaka cham'mbuyo mwake, nyengo ya chiperoni. Anayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, nati wachokera ku yunivesite, akuchita kafukufuku wa chifuwa cha ana a anthu ogwira ntchito mu tiyi, ndipo akuofesi alola. Anati mayina athu salemba, aliyense am'patsa nambala. Anali wamng'ono thupi, nsapato zake zodzaza matope ofiira ngati zathu zomwe. Anakhala pamphasa, anadya chinangwa chimene ndinaphika osachinunkhiza, anandionetsa pa foni chithunzi cha mwana wake amene anamusiya ndi agogo ake ku Limbe. Ine munthu akandikhalira pansi chotero ndimamasuka. Mapasa anali atangochira kumene, onse awiri ankabanika usiku, m'chifuwa mukulira ngati muli kamphaka, ndipo tinali titapita nawo kuchipatala ku Makwasa maulendo angapo. Ndiye anandifunsa kumene timatunga madzi, ndinanena. Anafunsa kumene timaphikira, ndinanena. Anafunsa zimene ana amafunda, ndinanenanso, mpaka za ovolosi.

Nkhani ya ovolosi ili chonchi. Lamulo la kampani limati wopopera akaweruka avule ovolosi, aisiye ku shedi ya mankhwala. Koma ukaisiya kumeneko, m'mawa umapeza ina yong'ambika kapena osapeza kanthu, ndipo mlandu umagwera iwe amene unasainira. Choncho opopera onse ankapita nazo kunyumba, kuzivala m'kati mwa jekete kapena kuzipinda m'thumba la feteleza. Akapitawo ankadziwa, koma ankayang'ana kumbali. Chinthu chodziwa aliyense koma chosanena aliyense. Ndipo ovolosi ndi nsalu yokhuthala. Chiperoni chikagwa, nkhungu ikulowera pansi pa chitseko, bulangete lathu limodzi silinkakwanira anthu anayi, ndiye ndinkatenga ovolosi ija pa msomali n'kuwafunditsa ana pamwamba. Inkanunkha kafungo kake, inde, koma inkatentha. Ndinkaichapanso m'beseni lomwelo losambitsira ana, chifukwa beseni linali limodzi. Zonsezi ndinamuuza mayi uja tikuseka, iye akulemba. Pochoka anatsanzika ngati munthu amene sadzabweranso, ndipo ine ndinaiwala.

Tsopano anali pano, zala zili m'tsitsi la ana anga.

Ndinamuyalira mphasa, ana ndinawauza kuti akasewere kuseri. Anayamba ndi kupepesa. Anati zimene tinamuuza chaka chatha anazilemba zonse, n'kuzitumiza ku magazini ya akatswiri a zaumoyo ya kunja, chifukwa kafukufuku akapanda kutuluka m'magazini yotero amakhala ngati sanachitike, palibe wa boma kapena wa kampani angamumvere, ndiponso digiri yake singathe. Magazini ina inali itamukanira kale osawerenga n'komwe mpaka kumapeto. Iyi yachiwiri sinakane, komanso sinavomere. Mkonzi wake anapereka pepalalo kwa akatswiri awiri kuti aliunike, apeze zolakwika. Woyamba anati lili bwino, angokonza apa ndi apo. Koma wachiwiri analemba zambirimbiri. Anati mawu a amayi si umboni, mayi aliyense amati mwana wake amatsokomola. Anati ngati mankhwala akufikadi m'thupi mwa ana, aonekere m'tsitsi, chifukwa tsitsi limasunga zimene zinalowa m'thupi miyezi yapita. Ndipo anaika chala pa mzere umodzi: pamene mayi wina ananena kuti amafunditsa ana ovolosi. Anati apa ndiye pagona nkhani, bwererani kwa ana a opopera, mukadule tsitsi, likapimidwe.

Anatsegula kachikwama kaja. Munali timaenvulopu toyera ndi sizasi yaing'ono yonyezimira. Anati lero sadula, wangobwera kudzapempha, adzabweranso Lachisanu. Anati limafunika lochepa, la kunkhongo, lotalika ngati mfundo ya chala, ndipo mkonzi wamupatsa nthawi yochepa, ikadutsa pepalalo liyambiranso pachiyambi.

Ndinamufunsa kuti wachiwiriyo dzina lake ndani.

"Sindikulidziwa, amake mapasa."

"Amakhala kuti?"

"Sindikudziwanso. Satiuza. Amabisa dala kuti anene zoona mosaopa."

"Ndiye inu mukumvera munthu wopanda dzina?"

Anaseka, koma kuseka kwa munthu wotopa. Anati ndi mmene zimayendera, iyenso dzina lake owunikawo sauzidwa, ndiye palibe wokondera mnzake. Anati mwina munthuyo ali ku Ulaya, mwina ku Kenya, mwinanso konkuno, iye sangadziwe. Pofuna kundikhazika mtima pansi anawonjeza kuti ndi munthu wodziwa ntchito yake zedi, si wongovutitsa. Anati anamukonza ngakhale dzina la mankhwala, nati amene munalembawo anasiya kuwagwiritsa ntchito mu tiyi, tsopano amapopera akutiakuti, ndipo amapopera kwambiri mvula ikangoyamba.

Mawu amenewo sanandikhazike mtima pansi. Ine sukulu ndinalekera pulayimale, za magazini sindizidziwa. Koma ndimadziwa amene amadziwa dzina la mankhwala opopera pa esiteti. Bambo a ana anga, amene amawanyamula kumsana tsiku ndi tsiku, dzina lake lenileni salidziwa, amangoti achikasu aja. Odziwa mayina ndi aja amabwera pa galimoto zoyera, kuyenda m'mizere ya tiyi manja ali kumbuyo, kenako kukadya nkhomaliro kunyumba ya bwana manijala kumtunda. Munthu wodziwa tiyi chonchi angalephere kudziwana ndi eni tiyi?

Ndinati opopera pa esiteti ino ndi owerengeka, ndipo wa mapasa ndi mmodzi. Mukalemba ana awiri a msinkhu umodzi, nyumba imodzi, bambo wopopera, ngakhale mlonda wa pageti akuuzani khomo lake. Anati zimenezo anaziganizira kale, ndipo anamuyankha wachiwiriyo kuti sangalembe mwana mmodzimmodzi, adzawasakaniza ndi ana a maesiteti ena, mawu oti mapasa sadzaoneka paliponse. Ananena modekha, akundiyang'ana m'maso. Mwina ankanena zoona. Koma ndinaganiza: munthu ameneyu wam'bweza kuchokera ku tauni mpaka pakhomo panga ndi sizasi. Mawa akadzati sindivomera mpaka mulembe mwana aliyense payekha, adzakana?

Atangochoka, alamu anga anatulukira. Ndi achemwali awo a bambo a ana, amakhala mzere wakumtunda, akhala akuthyola tiyi kuyambira ine ndisanathe msinkhu, ndipo m'komboni simulowa mlendo iwo osamuona. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za ovolosi. Anakhala pa ndowa yovundikira, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, tiyi akadakhala wothyola ndi pakamwa, bwenzi inu muli kapitawo."

Ndinati sindinkadziwa kuti zidzafika kutali. Anati chinthu ukauza munthu wogwira cholembera chafika kale kutali. Iwo chaka chatha anamuyankha mayi uja kuti ana awo satsokomola, sadwala, sayetsemula n'komwe, basi anachoka msanga. Kenako anavula wigi yawo, yofiirira ija anagula ku Bvumbwe, n'kundiponyera pamwendo. Anati ndidule pamenepo ndim'patse, akaipime ku Ulaya aone ngati ili ndi chifuwa. Ndinaseka, misozi ili m'maso. Koma atavalanso wigi ija anatsitsa mawu. Anati za ntchito n'zina, koma kodi ndaiwala kuti tsitsi la mwana silipatsidwa kwa mlendo, nanji la mapasa? Ine ndimapemphera, ndimaimba kwaya, zamankhwala achikuda sindizitsata. Komabe tsitsi loyamba la anawa, tikuwatulutsa m'chikuta, amayi anga analikulunga m'tsamba n'kukalitaya okha kumene sanandiuze ngakhale ine. Ndipo ndikawameta sindisiya ngakhale kamodzi pabwalo. Sindinafunsepo chifukwa chake. Tsopano wina amene sindidzamuona ankalifuna mu envulopu, likwere ndege.

Bambo awo anafika dzuwa likupendeka, ovolosi ili m'kati mwa jekete monga mwa masiku onse. Anaikoleka pa msomali, kamnyamata kanathamangira kukakumbatira mwendo wake wolendewera, monga kankachitira. Ndinadikira asambe. Nditawauza sanakalipe, ndipo kusakalipako kunandiopsa kuposa. Anayamba kukanda chala cha kuphazi. Kenako anati chaka chatha anasaina iwo kuti ana alowe m'kafukufuku, chifukwa akuofesi anati tithandizane naye mayiyo. Ndiye tikakana pano, akuofesi omwewo adzafunsa kuti nyumba yakumapeto ikubisa chiyani. Tikavomera, tsitsi likakapezeka ndi mankhwala, kampani sidzati mankhwala athu ndi oipa. Idzati lamulo tinaika, ovolosi isachoke ku shedi, wophwanya lamulo ndi uyu. Anati, "Amake mwana, mwatiika pakati pa mpeni ndi chikuni." Anatuluka kukakhala kwa anzawo.

M'mawa mwake ku sikelo, ndikudikira kuti dengu langa likwezedwe, akapitawo anandiyandikira. Munthu amene chaka chonse sanandifunsepo ngakhale za mutu. Anati mapasa aja ali bwanji, akutsokomolabe? Ndinati ali bwino. Anati chabwino, ana amafuna kufunda nyengo ino. Anapitirira. Mwina anangonena, poti kunkazizira ndithu. Koma ine dengu linandipulumuka, masamba anakhuthukira pansi, kalaliki anandikalipira. Masana ake bambo awo anabwera ndi nkhani yoti ku shedi kwakhomedwa chikalata chatsopano chokumbutsa za ovolosi. Anati chimakhomedwa chaka chilichonse chiperoni chikamayandikira, ndisadzivute. Ine sindinakumbuke kuti chinakhomedwapo.

Kuyambira pamenepo maso anga sanapume. Ndinaona galimoto imene inabweretsa mayi uja itaima pa ofesi, iye akutuluka, akuseka ndi kalaliki wamkulu, atanyamula kapu ya tiyi. Ndinaona bambo wina wachikulire wa chipewa chachikulu akuyenda m'munda wa kumunsi kwa fakitale ndi bwana manijala, akutembenuza tsamba, kuliyang'ana kunsi, kulinunkhiza. Anatembenuka kuyang'ana ku komboni, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa dengu ngati mwana. Mumtima ndinati ndi ameneyu. Tsiku lotsatira kunabwera mayi wa magalasi ndi kabuku, ndinati ayi, ndi uyu. Aliyense wovala nsapato zoyera anasanduka wachiwiri. Alamu anayamba kundinyoza nazo. Galu wachilendo akadutsa pamzere ankakuwa kuti alamu bisani ana, wachiwiri uja wafika. Azimayi ena ankaseka osadziwa chimene akusekera, ndipo ine ndinkaopa kuti afunsa.

Ana sindinkawasiyanso kwa amayi olera ana a othyola tiyi. Ndinkawatsekera kwa alamu, kapena kupita nawo kumunda n'kuwakhazika pansi pa mtengo wa mthunzi pamene ndingawaone. Ndinawaveka zipewa zaubweya ngakhale dzuwa litatuluka. Kamtsikana kankavula, ine kuveka, iko kuvula.

Ndinaimbira foni achimwene anga ku Goliati. Kwathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi iwo, nkhani ya mwana singathe iwo osamva. Anamvetsera, mbuzi zikulira kumbuyo kwawo. Anati siginecha ya bambo a anawo ndi ya ku ofesi, igwire ntchito ku ofesi komweko, koma mitu ya ana ndi yathu, tsitsi lisachoke. Ndinati ndiye ndikane? Anati ayi, usakanenso, kuno kumudzi munda ndi uja ukuudziwa, sungadyetse makomo awiri, usayambane ndi kampani. Ndinati nanga ndichite chiyani, osapereka, osakana? Anati iwe ndiwe mayi, uona. Foni inaduka.

Lachinayi ndinakumana naye mayi uja ku mjigo. Sindikudziwa ngati anangodutsa kapena ankandifuna. Panalibe wina, azimayi anali asanaweruke. Anandithandiza kupopa, ndipo ndinaona kuti wawonda, milomo yauma. Anati akudziwa kuti ndikuopa, ndipo ndili ndi ufulu wokana, palibe adzandikakamize, akuofesi sadzauzidwa amene wakana ndi amene wavomera. Ndinati amayi, m'komboni muno simufunika kuuza munthu. Mukalowa makomo a opopera onse n'kudumpha langa, nkhani ifika ku ofesi inu musanafike pageti.

Ndiye ndinamufunsa chimene chinkandidya masiku onsewo, chimene ndinkaopa kufunsa ngakhale ndekha. Ndinati ovolosi ija ndi imene ikudwalitsa ana anga?

Anayamba kuyankha za kusukulu. Anati sangatsimikize, chifuwa chimabwera ndi zambiri, utsi wa nkhuni, chinyezi, fumbi, n'chifukwa chake wachiwiri akufuna umboni, ndipo pepalalo likavomerezedwa ndi pamene angaime pagulu n'kunena. Ndinati ndiye zidzakhala zoona tsiku limene munthu wopanda dzinayo adzavomere? Chiperoni chikubwerachi ana anga adikire iyeyo? Ndinalankhula mokweza kuposa mmene ndinkafunira, mpaka ndinayang'ana kumbuyo.

Anasiya kupopa. Anapukuta manja pa siketi.

"Za pepala tizisiye. Akanakhala wanga, chovala chimenecho sichikanalowa m'nyumba. Ngakhale beseni, ndikanapatula."

"Bwanji simunanene chaka chatha?"

"Ndinkayenera kunena."

Anatola chikwama chake. Anati mawa abwerabe, chifukwa akadumpha khomo langa anthu aona, monga ndanenera, ndipo chimene ndidzasankhe iye adzalemekeza. Ndinamuyang'ana akutsika kanjira ka m'tiyi. Mpaka lero sindidziwa ngati mawu aja ananena chifukwa chondimvera chisoni, kapena kuti ndifewe mtima ndim'patse tsitsi. Zonse ziwiri zikhoza kukhala m'munthu mmodzi. Ndinasenza ndowa, madzi akutayikira kumsana, ndipo njira yonse ndinkangoona ana anga ali gone pansi pa chinsalu chija, timphuno tili m'kolala mwake momwe.

Lachisanu bambo awo atangonyamuka, ndinatenga lezala latsopano limene ndinagula pa kawokala. Ndinatenthetsa madzi mumphika, osati m'beseni lija. Ndinayala thumba kuseri kwa nyumba, kumbali ya mibulugamu kumene sikudutsa anthu. Ndinayamba ndi kamnyamata chifukwa sikavuta, ukangokapatsa mbatata kamakhala phee. Kamtsikana ndiye kanalira. Tsitsi lake linali litakula bwino, ndinkalimanga timfundo ndi ulusi Lamlungu, azimayi a kutchalitchi ankaliyamikira. Ndinakapana ndi miyendo, kukaimbira, kukanamiza kuti limera lina lalitali ngati la alamu, koma lezala linaterereka, ndinakacheka pang'ono pamwamba pa khutu. Ndinapitiriza. Ndinameta mpala, kubwereza kunkhongo kawiri, mpaka panalibe choti sizasi ingagwire. Tsitsi lonse ndinalisonkhanitsa pa thumba paja, ndinatola ndi timene tinamatirira m'khosi ndi pa chitenje changa, ndinasesa pansi n'kuwola dothi lomwe, zonse ndinakaponya m'chimbudzi, n'kuthira phulusa pamwamba. Kenako ndinawapaka mafuta m'mitu, ndi timadontho ta mankhwala ofiirira aja a zilonda apa ndi apo.

Alamu anafika ndikutsuka lezala. Anayang'ana ana, anayang'ana ine. Anati tsopano ndabereka mazira awiri. Ndinati ndi zipere. Anati eya, zipere zavutadi chaka chino, ndipo anapita kukaziuza mzere wonse asanafunsidwe.

Mayi uja anafika dzuwa litakwera, atayamba makomo ena. Ana anali pakhonde, mitu ikunyezimira. Anaima. Ndinaona dzanja lake likufuna kupita kumutu kwa kamtsikana, n'kubwerera. Azimayi awiri a khomo loyandikana anali panja akusankha nandolo, makutu ali kuno.

"Zipere?" anafunsa.

"Zipere."

Anawerama, anayang'ana timadontho tija nthawi yaitali. Munthu wophunzira za umoyo zipere amazidziwa. Anadzuka nati, mokweza kuti a nandolo amve, pepani kwambiri, mwachita bwino kuwameta, zimapatsirana. Analemba kanthu kakafupi m'kabuku kake, sindinaone. Ndinamufunsa motsitsa ngati wachiwiri adikira kuti limere. Anati sadikira. Ndinafunsa ngati ana ena akwanira. Anati sakudziwa, ana a opopera ndi ochepa kale, ndipo awiri ndi ambiri. Sanandiyang'ane ponena zimenezo. Anatseka kachikwama, anatsanzika ana, kamnyamata kanamupatsa mbatata yolumidwa kale, iye analandira ndi manja awiri.

Sindinamuonenso. Ngati pepala lija linatuluka, kapena wachiwiri analikana, palibe anabwera kudzatiuza. Nthawi zina ndikamva mwana wa wopopera wina akubanika ndimaganiza za timaenvulopu tiwiri timene tinabwerera topanda kanthu, ndipo ndimafulumira kugwira ntchito ina.

Koma tsikulo linali lisanathe. Atachoka ndinapita kwa alamu kukapempha chigubu chakale cha mafuta ophikira, ndinachidula pamwamba kuti muzikhala ovolosi, ndinachiika kuseri kwa chimbudzi pansi pa chidutswa cha lata, n'kutsamiritsa mwala. Ndinazula msomali uja pakhoma ndi mpeni. Beseni ndinalikwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka zala zinatuluka magazi, kenako ndinaona kuti sindilikhulupirirabe, ndinalipititsa ku chigubu konko kuti likhale la ovolosi, ana azisambira mumphika waukulu. Ndinasoka matumba awiri a ufa ndi zitenje zanga zakale m'kati, kuti chikhale chofunda cha pamwamba.

Bambo awo akubwera ndinawaonera patali, jekete litatukumuka. Ndinalowetsa ana m'nyumba, ndinatseka, ine ndinaima pakhomo. Sindinaimepo chonchi pamaso pa mwamuna wanga. Anati ndipatuke, atopa. Ndinati avule kaye, kuseri kuli chigubu, kuli madzi ndi sopo, akasambe m'manja ndi kumaso ndiye alowe. Anati panja ikabedwa ndidzawayankhira ine ku shedi? Ndinati ndiziyang'anira ine, ndikhoza kudzuka kangati konse. Anayang'ana kumzere ngati pali amene akuona. Anati nyumba ino ndi ya ntchito yawo. Ndinati inde, koma ana ali m'katimo ndi a mbumba yathu.

M'katimo kamnyamata kanamva mawu a bambo ake, kanayamba kumenya chitseko ndi tizikhatho, kakuitana. Ine ndinagwira chogwirira kumbuyo kwanga ndi manja onse awiri, osasiya. Anaima pamenepo nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri. Kenako anatsitsa zipi ya jekete, anazungulira kuseri. Ndinadikira mpaka nditamva lata likukwekwereza ndi mwala ukubwerera pamalo pake, ndi madzi akukhavukira m'beseni. Pamenepo ndi pamene ndinatsegula.